Giya Yofewa ndi Magalasi a Esinati

Lachiwiri lapitali ndinapambana, ndipo lero mundilole ndidzitame.

Mwana wanga Esinati anali atapita kale kudoko ku Chipyela, kukakwera sitima yobwerera kusekondale, pamene mayi ake anapeza magalasi ake pawindo. Popanda magalasiwo mwanayu saona pabolodi. Teremu ino ndi ya mayeso, ndipo sitima ikakusiya umaidikira sabata yathunthu. Apo n'kuti italiza kale hutala.

Alamu anga a Barnaba anati ndiwapatse iwo, poti njinga yawo ndiyo yaliwiro. Ndinakana, n'kukwera yanga. Tonse tinagula njinga zamagiya pakaunjika, koma iwo anakadulitsa tcheni kwa makaniko n'kusiya giya imodzi yolimba. Ati enawo ndi magiya a ana. Ananditsatirabe kuti ndikatopa andilandire.

Pachidikha anandipitirira ngati ndaima. Koma pochoka ku Yofu kuno pali chitunda chija mukuchidziwa. Ndisanachiyambe ndinafewetsa giya, n'kukhazikika pachishalo, miyendo ikuzungulira msangamsanga. Amayi ena osenza chinangwa anaseka mpaka kutula madengu.

"Taonani mundu wamkulu ndi ndevu zake, kupalasa ngati bakha!"

Alamu ndinawapeza pakati pa chitunda ataimirira pamapedulo, akudzipotokola uku ndi uku, njinga osasuntha. Kenako anatsika n'kuyamba kukankha. Ndinawaimbira belu podutsa. Paja mwamuna mnzako n'pachulu.

Ndinafika boti lomaliza lopita kusitima likudzaza. Ndinalowa m'madzi ndi nsapato zomwe, Esinati ali m'botimo anatambasula dzanja, n'kuvala magalasi ake pomwepo. Mtima wanga unangoti myaa.

Koma abale, anatiuza ndani ife amuna kuti chinthu chikamapweteka ndiye kuti chikuyenda? Katundu woti tinyamule kawiri timasenza kamodzi, msana n'kuthyoka. Kuchipatala timapita atachita kutinyamula. Njinga anaiikira magiya kuti mwendo usalemedwe pokwera, ife n'kupita nayo kwa makaniko kuti akaichotse nzeru.

Giya yolimba ili ndi malo ake, pachidikha ndi potsetsereka. Pokwera, fewetsani chitunda chisanakugwireni, ndipo oseka asiyeni aseke.

Alamu anafika sitima ikutembenuka, thukuta lili kamukamu, akunenabe kuti kapalasidwe kanga n'kochititsa manyazi pabanja. Mwina n'zoona. Koma tandiuzeni, ndikanawapatsa magalasi aja, sabata ino mwana wanga akanaona chiyani pabolodi?