Mtsuko wa Abiti Mbwana

Fungo la dothi lonyowa likandipeza, ndimabwerera ku Mandimba, kuseri kwa nyumba ya Abiti Mbwana, mnansi wathu woumba mbiya, kumene utsi wa makungwa ootchera mitsuko unkatsokomoletsa ndi nkhuku zomwe, iwo ali tambalale pansi, akusalaza dothi ndi chitsononkho uku akutikalipira kuti tawapondera ntchito. Anali ndi pakamwa mayi amenewo! Koma mitsuko yawo inkaziziritsa madzi moti anthu ankakwera nayo sitima ya pamtunda, komboyo, ku Entre Lagos mpaka ku Cuamba.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinaona chinthu: madzi awo akumwa ankayamba awaika padzuwa m'chikho. A mumtsuko sankalawa n'komwe. Ine, pakamwa ngati wailesi, ndinakazinena pamjigo. Sabata isanathe nkhani inali itakula, ati Abiti amaumbira mankhwala m'dothi, n'chifukwa chake eni ake samwako. Ogula anatha psiti. Mitsuko inangoti mbwee pakhonde, mavu n'kuyamba kumangamo.

Mayi anga anandikoka khutu kukapepesa. Abiti sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa khutulo.

"Mwana iwe, ndi mano," anatero akuyang'ana kumbali. "Madzi ozizira akangokhudza apa, zimalasa ngati mkondo mpaka m'mutu. Ndikanauza ndani? Woumba mitsuko kuopa madzi ozizira, si kudziseketsa kumeneko?"

Mayi anawaperekeza kuchipatala ku Cuamba. Pobwera, Abiti ankasimba ngati akumana ndi woumba mnzawo. Adokotala anawauza kuti makala ndi mchenga zimene ankatsukira m'kamwa zinaperesa chikuto cholimba cha dzino, ndipo pansi pake pali timabowo tosaoneka ndi maso, timene timafikitsa kuzizira kumtsempha. Anawapaka mankhwala otseka timabowoto.

"Ndinawafunsa kuti, si mmene ndimapakira phala la chinangwa mumphika watsopano kuti usadonthe? Anaseka. Ati ndi momwemo, mayi, koma zimasukuluka, muzibweranso," anatero Abiti.

Tsiku la msika anandiitana. "Unayambitsa ndiwe, utunga ndiwe." Mtsuko unali utagona ndi madzi, kunja kwake kuli thukuta lokhalokha. Ndinatunga n'kuwapatsa chikho. Anthu anatizungulira, ena akunong'onezana. Abiti anakweza chikho n'kumwa, gudyu gudyu, mpaka pansi. Ine maso anali pansagwada zawo. Zinagwedera pang'ono, diso limodzi n'kulengeza msozi.

"Kakumvekabe," anandinong'oneza, "koma si mkondo uja." Kenaka mokweza: "Imwa nawe, wailesi, ukaulutse ndi zimenezi!"

Anthu anaseka, ndipo mayi wina wa ku Mitande ananyamula mtsuko. Koma bodza likatuluka silibwerera lonse. Ena sanadzagulenso mpaka Abiti anamwalira, ndipo mitsuko ya nyengo imeneyo yambiri inasweka pakhonde pomwepo. Umodzi wotsala anandipatsa nditakula, tsiku limene ndinkapita kubanja.

Lero ndimakhala ku Cuamba, firiji ndili nayo, koma madzi ndimamwa a mumtsuko umenewo. Mano anga nawo anayamba kulasa, ndipo ndimakapakitsa mankhwala aja. Akamasukuluka ndimadziwira pachikho cham'mawa. Mkondo uja umandipeza, womwe Abiti anaubisa zaka zonse zija mpaka ine nditawaulula molakwika. Ana anga amati ndingolavula madziwo. Ine ndimameza.