Nkhunda ya pa Chiguduli

Chaka chomwe ndidagwa pa njinga pochokera ku Boma ndidakhala nyengo yonse yokolola mwendo uli m'chikhakha. Anzanga onse a kuno kwa Mphamba anali kalikiliki ndi fodya, ine ndili phwii pakhonde kuwerenga ntchentche. Ndine munthu wosatha kukhala chete, ndiye kunyong'onyeka kudatsala pang'ono kundipha.

Masiku omwewo kabawi adagwira nkhunda yaikazi ya m'khola mwathu, yaimuna n'kuthawa, kusiya kamwana kamodzi kopanda nthenga zokwanira. Ndidakatenga n'kumakadyetsa gaga wonyowa ndi zala, ndipo kankagona m'katoni pafupi ndi bedi. Katayamba kuyenda, vuto lidabadwa. Nkhunda ilibe manyazi. Zitosi pampando, zitosi pansalu ya pathebulo, tsiku lina mpaka pa bulauzi yoyera imene mkazi wanga amavala popita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Mayiwo sadakalipe. Adangonena mofatsa kuti ikadzadetsanso chinthu chawo idzakhala ndiwo, ndipo mawu awo ofatsa ndimawaopa kuposa okalipa.

Poti ndinalibe chochita, ndidayamba kuiyang'anitsitsa mbalameyo. Ndidadabwa kuona kuti siingochita mwadzidzidzi ayi. Imayamba yaima, kufufumitsa nthenga, kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kukweza mchira. Ndidabadwira pa khomo loweta nkhunda, koma izi ndinali ndisanazionepo. Ndidadzifunsa kuti ngati imachenjeza chonchi, kodi singauzidwe pochitira?

Kuikalipira kudakanika. Ukaiopseza ndi chipewa imangophunzira kuopa chipewacho. Koma mtedza inkaukonda koopsa. Choncho ndidayala chiguduli chakale pakona pa khonde, lija saka lokulungira mabelo a fodya. Ikangoyamba kubwerera m'mbuyo, ndinkainyamula msanga n'kuiika pa chigudulipo. Ikachita pomwepo, kachibenthu ka mtedza. Ikachita pena, ndinkangopukuta osanena kanthu. Poyamba ndinkachedwa, zitosi n'kuthera m'manja mwanga, mkazi wanga n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Koma m'mawa wina idatsika yokha pampando, kuyenda chinyachinya mpaka pa chiguduli, kuchita zake, kenaka n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndidasangalala ngati ndalandira mwana.

Kuuluka nako ndidaiphunzitsa ndi mtedza womwewo. Ndinkaiika pa mtondo, ine n'kutambasula dzanja ndikuimba mluzu. Idayamba ndi kudumpha chabe. Mtondo uja tidamka tiusuntha, mpaka idafika pouluka kuchokera pa denga la nkhokwe kudzatera m'dzanja langa. Idachenjeranso mopitirira. Idayamba kugawa zitosi zake, pang'ono pano, pang'ono patsogolo, kuti malipiro achuluke. Mpaka lero sindidziwa kuti ndani ankaphunzitsa mnzake.

Chimene sindidachiganize ndi ichi: ine ndinkati ndaiphunzitsa kona ya khonde, pamene iyo idaphunzira chiguduli. Mapiko atalimba idayamba kuzungulira pakhomo, ndipo tsiku lina idalowa m'chigafa cha fodya. M'menemo mkazi wanga ndi anyamata aganyu ochokera ku Kasungu anali atasankha masamba abwino kwambiri, kuwasanja n'kuwafunditsa ziguduli kudikira jeke yopsinjira mabelo. Kwa nkhunda yanga kumeneko kunali kumwamba. Idatera pa mulu uno, kuchita, kuulukira kwa ine kudzafuna mtedza. Ine, posaona chitosi pakhonde, sindidaipatse. Idabwerera kukayesa mulu wina, ndi winanso, mwina poganiza kuti sindidaone bwino. Pamene anthu ankabwera kuchokera kokadya, zonyowa zinali zitalowerera mpaka m'masamba apamwamba.

Mkazi wanga adatulukira kuseri kwa nyumba mpeni uli m'manja. Ndidayesa kufotokoza kuti mbalameyo yachita ndendende zomwe idaphunzitsidwa, kuti wolakwa ndi mphunzitsi. Adayankha kuti mphunzitsiyo sangakwane mumphika. Mtima udandiwawa kwambiri, ndipo ndidachita manyazi kuti bambo wamkulu ndikufuna kulirira nkhunda.

Iyo inali pa denga la nkhokwe, pomwe palibe akadaifikira. Ndidayamba kulimba mtima. Koma mayiwo anali ataonerera maphunziro onse aja. Adatapa mtedza m'mbale yanga, kutambasula dzanja, n'kuimba mluzu wanga womwe. Ndidapemphera kuti isamve. Idatsika mokongola, monga ndidaiphunzitsira, n'kutera pa dzanja lawo.

Adaigwira mapiko. Iyo siidaphiriphithe n'komwe, idangosuzumira pakati pa zala zawo kufuna mtedza uja.

"Nkhuku nimayamba naipitikitsa, poigwila ninshi nakalipa kale," adatero m'chiyankhulo cha kwawo. "Manje aka kabwela keka. Nizakacheka bwanji, imwe?"

Adaponya mpeni pa mtondo, kufumbatula dzanja, nkhunda n'kudya.

Ndikadangothokoza n'kutseka pakamwa. Koma uphunzitsi unali utandilowa m'magazi, ndiye ndidawauza kuti kuipatsa mtedza itangodetsa fodya n'kuiphunzitsa kuti ikachitenso mawa.

"Iyi skaŵa si ya zitosi," adatero osandiyang'ana. "Ni ya kubwela."

Madzulo ake ndidakhala m'chigafa, mwendo uli tambalale, kupukuta masamba limodzilimodzi, nkhunda ili paphewa la mkazi wanga.