Mbuzi za Dalitso Zinalibe Mlandu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene malume anga a Jelasi anabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, kumene ankagwira ntchito yopakira katundu pa famu ya malalanje. Anabweretsa mabulangete, wailesi ya mayi, ndi laputopu yakale imene mwana wa bwana wawo anatopa nayo. Iwo ankangoonerapo zithunzi. Ine ndinaipalasa paliponse ngati nkhuku padzala, mpaka ndinapezamo pulogalamu yojambulira mapu a maiko ongopeka.

Kwathu kunalibe magetsi, choncho ndinkainyamula kupita nayo kometera kwa a Bizaliele pa Manjawira, kumene ndinkaloledwa kukhala pakhonde pafupi ndi soketi bola ndisese tsitsi. Pamenepo ndi pamene ndinalenga dziko langa, la Chigwamoto. Linali ndi nyanja ziwiri, phiri lolavula moto ndi chinjoka chamapiko chogona kumpoto. Koma zizindikiro za m'pulogalamumo sizinandikhutiritse: nyumba zansanja za mafumu achizungu, mahatchi, mitengo ya paini. Dziko lanji lopanda mlambe, lopanda nkhokwe? Tsiku lachitatu ndinatulukira kuti munthu atha kulowetsamo zithunzi zake n'kuzisandutsa zizindikiro.

Apa ndi pamene mtima wanga wamalonda unabadwira. Anzanga ataona mapuwo, aliyense anafuna kukhala ndi malo m'Chigwamoto, ndipo ine sindinagawe ulere. M'mbali mwa mtsinje munali mwa nzimbe ziwiri. Pamwamba pa phiri ndinkafuna legeni. Esnati, amene tinali naye kalasi imodzi, anandinyengerera theka la tsiku kuti ndimuikire dimba la mpunga la mayi ake pa mango asanu m'malo mwa khumi, ndipo nditavomera anandipatsa anthete. Dalitso, mnzanga wapamtima, anabweretsa mpira wachikulunga watsopano nati akufuna mbuzi zonse za bambo ake zikhalemo, iliyonse ndi nkhope yake. Tinazijambula ndi kafoni kotchipa ka mkulu wake, kotulutsa zithunzi zachimbuuzi, n'kuzimwaza m'chigwa chonse.

Dziko limafuna mfumu. Ndinavala jekete la malume ndi magalasi awo akuda, n'kugwira bango ngati mkondo, ndipo a Bizaliele anandijambula ndi foni yatsopano ya malumewo, yotulutsa chithunzi chooneka mpaka chiphuphu chapachibwano. Ndinadziika pachipata cha mzinda. Ndinaona kuti ndakhala bwino, ndiye ndinadziikanso pamlatho. Kenaka pamphambano iliyonse, padoko, pamsika, ngakhale pambali pa chinjoka ndikuchiloza ndi bango.

Laputopu inayamba ulesi. Ndikakoka mapu kuti ndione kum'mwera, ankabwera modukizadukiza ngati ngolo ya ng'ombe zodwala. Ndikadina, kamuvi kankasanduka kagudumu kongozungulira, ine n'kuyenda kupita pampopi, kumwa madzi, kubwerako, kakuzungulirabe. Fani yam'kati inkalira ngati chigayo. Ndinaikupiza ndi katoni. Ndinaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo idutse pansi. Ndinaizimitsa n'kuiyatsa kambirimbiri, mpaka ndinafika poyankhula nayo monga ndimayankhulira lero ndi wogulitsa wouma mtima: tangondisunthirako pang'ono, bwana, tisakhumudwitsane.

Tsiku lomwe malume ankabwerera ku Joni linali Loweruka, minibasi ya masana. Laputopu inkapita nawo. Ngati mapu sakanatuluka n'kulowa mufulashi m'mawa umenewo, Chigwamoto chikanawoloka malire osabweranso, pamene ine ndinali nditalengeza kale kuti Lolemba chikakhomedwa pakhoma la kalasi, aphunzitsi athu atakachisindikiza kuboma. Ndinafika pakhondepo dzuwa likungotuluka. Ndikadina poseva, mzere wobiriwira unkayenda pang'ono n'kuima. Sindinkatha kukhala pansi. Ndinkadzuka, kusuzumira kumsewu, kubwerera, kudinanso. Anzanga asanu ndi mmodzi anandizinga, mpweya wawo uli m'khosi mwangamu.

“Ili ndi vairasi imeneyo,” anatero a Bizaliele akumeta munthu, osacheuka n'komwe. “Muitengere ku Balaka.”

Ine ndinali nditapeza kale wolakwa. “Ndi mbuzi zakozi,” ndinamuuza Dalitso. “Ndani amaika mbuzi khumi ndi zinayi pamapu amodzi?”

“Mpira wanga sunaukane bwanji?”

“Mpira ndi mpira. Taona zikudya dziko lonse!”

Ndinazifufuta zonse iye akuona. Maso ake anafiira, anakakhala pa njerwa chapatali. Ndinadina poseva. Mzere uja unaima pamalo pomwe paja.

Malume anafika ndi zikwama zawo dzuwa litakwera, atavala kale jekete la mfumu ya Chigwamoto. Anaika zikwamazo pansi n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse laputopu.

“Malume, pepani, makina anuwa afa,” ndinatero.

“Afa? Dzulo ndinaonerapo zithunzi za ukwati bwinobwino. Tatsegula mapu ena, opanda kanthu.”

Ndinatsegula. Kamuvi kanathamanga ngati kamwa tiyi wa shuga wambiri.

“Ndiye injini ili bwino, mphwanga. Vuto ndi katundu.” Anakhala pa chikwama. “Lole ikakanika chitunda, sitimenya injini. Timatsitsa katundu, koma osati mwachisawawa. Umayamba wadziwa cholemera. Watsitsa chiyani?”

“Mbuzi.”

“Unaziyeza?”

Pulogalamuyo sankaidziwa, koma ankadziwa pamene laputopu imaonetsa kulemera kwa chithunzi chilichonse, chifukwa ankasankha zopepuka potumizira akazi awo. Anandiuza kuti nditsegule pomwe ndinasunga zizindikiro zanga, n'kuzindandalika kuyambira cholemera kwambiri. Mbuzi zinali pansi penipeni, zonse pamodzi zosafika ndi theka lomwe la chimene chinali pamwamba. Ndipo pamwambapo panali munthu wa magalasi akuda atagwira bango.

Kenaka Esnati anatsamira paphewa langa n'kuyamba kundiwerenga pamapu ndi chala, mokweza, monga amawerengera ana a sitandade wani. Atapitirira makumi atatu, a Bizaliele anazimitsa makina ometera kuti aseke bwino.

“Mfumu yalemera kuposa dziko lake!” anakuwa. Wometedwayo, mutu uli mbali imodzi, anadzuka kudzaona.

Ndinayesa kutsatsa, poti ndi khalidwe langa. “Malume, nditachotsako khumi okha?”

“Minibasi siitsatsa, mphwanga. Ikadzadza ndikukwera.”

“Makumi awiri?”

Anangoyang'ana kumsewu, kumene kondakitala anali atayamba kumenya chitseko ndi chikhatho.

Ndinayamba kudzichotsa. Pamlatho, padoko, pamsika, pambali pa chinjoka. Poyamba kudina kulikonse kunkatenga nthawi yoti munthu n'kusenda nzimbe, koma ndikamachepa m'dzikomo, mapu ankapepuka. Nditatsala mmodzi pachipata, malume anandionetsa kachepetsedwe ka chithunzi, kuti chilingane ndi kamalo kamene chikukhalapo. “Pamapupa ndiwe wamng'ono ngati njere ya nyemba,” anatero, “koma makinawa amakusenza wathunthu, ndi jekete langa lomwe.” Nditachichepetsa, magalasi aja anasanduka kadontho kakuda. Palibe akanadziwa kuti ndine.

Dalitso anali akadali panjerwa paja. Ndinamuitana kawiri, iye n'kutembenukira kumbali. Ndinabweza mbuzi zake imodziimodzi, zonse khumi ndi zinayi, ndipo popanda wondiuza ndinaziika m'mbali mwa mtsinje, malo a nzimbe ziwiri. Anabwera mwakachetechete n'kuima kumbuyo kwanga.

“Yamawanga ija waiika chagada,” anatero.

Ndinaitembenuza, n'kudina poseva. Mzere wobiriwira unadutsa ulendo umodzi mpaka kumapeto. Malume anasolola fulashi, kundiponyera, kutseka laputopu ikadali yotentha n'kuthamangira minibasi imene inali itayamba kale kuyenda.

Mapuwo anakhala pakhoma la kalasi mpaka mvula inawanyowetsa. Ana ankabwera kudzaloza mbuzi, dimba la mayi a Esnati ndi chinjoka. Za kadontho kapachipata palibe anafunsapo, koma dzina lakuti Mfumu Yolemera linanditsata mpaka ku sekondale.

Lero ndimagulitsa ndi kukonza mafoni akale pa Ntcheu boma, ndipo pakutsatsa sindigonja msanga. Tsiku silipita osabwera munthu wonena kuti foni yake yafa, kapena ana aiwononga ndi magemu awo. Ndimaitsegula, n'kundandalika zam'katimo kuyambira cholemera, ndipo kawirikawiri pamwamba pamakhala nkhope ya mwiniwake, paukwati, pamaliro, pagalimoto ya eni. Sindiwaseka kwambiri, poti ndikudziwa kumene ndinachokera. Chimene ndinatola pakhonde la a Bizaliele n'chakuti zinthu zikaima, munthu amathamangira kutsitsa katundu wa mnzake, wake asanamuyeze. Kunyumba nako, mayi a ana anga akayamba kuyankha modukizadukiza, ndimayamba ndadzifunsa kuti ndadziika pamphambano zingati sabata imeneyo. Dalitso amaweta mbuzi mpaka pano, ndipo akabwera kudzagula foni, mtengo amatchula yekha.