Kukagula saji pulotekita

Ndinanyamuka ku Bangwe Loweruka m'mawa, bambo anga ali khale pampando, bondo litatupa ngati papaya. Kompyuta yanga ndiyo imatidyetsa, ndimataipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi makadi aukwati. Kwathu magetsi akathima timathamangira kuzula zonse, poti pobwera amabwera ndi ukali. Chibwerereni kuchokera ku Nsanje, bambo anadzipatsa okha ntchito imeneyi, ndipo dzulo lake anaterereka akuthamangira kusoketi. Ndinati basi zakwana, nkhalamba isandifere chifukwa cha waya. Ndikagule saji pulotekita, kachipangizo kotchinjiriza kompyuta magetsi akabwera mwamphamvu.

Minibasi ya ku Limbe inali K1,000, anthu anayi pampando. “Tasunthani mayi, malo alipo!” anatero kondakitala. Malo ake atiwo? Ndinayenda thako limodzi lili m'malere.

Ku Limbe ndinayambira kwa venda wina m'mbali mwa msewu.

“Sisi, iyi ndi orijino. Tainyamulani mumve kulemera.”

Anakailumikiza m'kashopu kometera, kagetsi kofiira n'kuyaka. “Mwaonatu, yayaka!”

“Nanga magetsi akabwera amphamvu, itani?” ndinamufunsa.

“Ili ndi mabowo sikisi, sisi.”

Ndimo timagulira ife a mu Blantyre: chikalemera, chikayaka, basi chabwino. Ndinaitembenuza, kuseri kulibe ngakhale liwu lonena zoteteza. Inali ekisitenshoni wamba, yongochulukitsa mabowo. Ndinamubwezera, iye n'kumandinena kuti ndine wamatama.

Masana ndinadya tchipisi cha pachiwaya cha K1,500, kabichi wambiri kuposa mbatata, kenako ndinakwera minibasi ina yolowera m'tauni kudzera ku Chichiri. M'shopu ina ya zamagetsi, mayi wogulitsa anandiyalira masaji pulotekita atatu patebulo.

“Osayang'ana mabowo, asisi. Onani nambala iyi kuseri, amati majulu. Ikakula, ndiye kuti chipirira kumenyedwa kambiri. Kagetsi kachiwirika kakadzazima, chitetezo chatha, mudzagule china. Koma kukamachita ziphaliwali, zulanibe.”

Ndinatenga wapakatikati, K28,000. Aa, ndalama zambiri, koma kompyuta ikapsa ndingaigule ndi chiyani?

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Ndinalumikiza zonse, timagetsi tiwiri tija n'kuyaka.

“Bambo, zothamanga zatha. Akathima, ingokhalani. Aka kazilondera.”

Ndinkayesa asangalala. Anakayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kusisita bondo lawo.

“Chabwino, mwanangu,” anatero motsitsa mawu. “Nanga ine pakhomo pano ndizitani?”

Chisoni chinandigwira. Tsiku lonse ndinazungulira tauni kufunsa za majulu, osaganizako kuti munthu amene analima moyo wake wonse, kuno ku Bangwe anatsala ndi ntchito imodzi yokhayo. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo.