Mwera Unatipeza Pakati pa Zilumba

Ena munena kuti ndikukometsera nkhani, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira sindidziwa kuti chachikulu nchiyani, mantha kapena mkwiyo.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pamsika wa Lilongwe, amuna anga ankayeza nsalu m'sitolo ya Mmwenye kutsidya kwa mlatho. Kwawo kunali ku Chizumulu, kachilumba koyandikana ndi Likoma, ndipo munthu sunkapuma nazo zilumbazo. Tikangokhala pakhonde, iwo ayambapo za zombo za Aluya zomwe zinkadutsa kumeneko ndi akapolo, za amishoni omwe anamanga tchalitchi choti tauni yathu yonse ingalowemo, mpaka kumati iwo anabadwira m'madzi. Ine madzi omwe ndinkawadziwa ndi a mu Lingadzi, ndikanatsutsa chiyani?

Mwana wathu woyamba atayamba kukwawa, anati tipite tikamuonetse kwa apongozi anga. Inali miyezi yozizira. Sitima inatitsitsa ku Likoma, kuti tifike kwawo tinayenera kukwera bwato la thanga. Titafika padoko m'mawa ndinaona nyanja yachita bii, kutali kukuoneka thovu, ndipo ndinafunsa ngati sikunali bwino kudikira. Anandiseka onse, mwini bwato, amuna anga, ngakhale mayi wina wamadebe a palafini yemwe anakhala pafupi nane, ati aka nkamphepo chabe, mwera weniweni sindinauone. Tikunyamuka ndinaona thanthwe lalitali lili lokha m'madzi, ndinaliloza nkufunsa dzina lake. Onse anayang'ana kumbali.

Tili pakati, kumbuyo kutali kutsogolo kutali, mphepo inasintha mawu. Mafunde ankabwera ngati zitunda zoyenda, bwato likakwera ndinkaona mitambo yokha, likatsika madzi kumanzere madzi kumanja. Kenaka thanga linang'ambika kuti pwee, mtengo wake nkuthyoka, madzi nkuyamba kulowa. Beseni latsopano lomwe ndinagulira apongozi ndilo linasanduka chokapira madzi. Nanga amuna anga, obadwira m'madzi aja? Anali atagona chafufumimba pansi pa bwato, jekete ili chinyowere, akusanza nkumaitana mayi awo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anachoka pachilumba ali kamwana, ngakhale kusambira sankatha.

Apo mpamene bambo wina anayamba kukuwa kuti mlendoyu ndiye waputa mizimu, analoza thanthwe losalozedwa. Abale anga, munthu ungadziwe bwanji mwambo womwe sanakuuze? Onse anatembenukira kwa ine, wina nkumati nyanja ikufuna kupepesedwa, ndiponye kanthu kanga. Ndinavula mkanda wa m'khosi nkuponya, mphepo osaleka. Ndiye ndinangomva manja akumasula nsalu yomwe ndinaberekera mwana. Anali mayi wamadebe uja. Mutu wanga unangoti basi, akufuna kupereka mwana wanga kunyanja. Ndinamuluma dzanja mpaka magazi.

"Inu mayi, ndisiyeni!" anatero, atandimenya khofi. "Likagubuduka bwatoli mwana ali kumsana, mumira nonse awiri!"

Anakhuthulira palafini wake m'nyanja, natseka debe bwinobwino, nkumangirira mwana padebepo ndi nsalu ija, natenga chingwe nkumangirira debelo kudzanja langa. Ndinakumbatira debe ndi mwana yemwe, akulira mpaka mawu kutha, ine ndikupemphera pemphero lopanda mutu.

Bwato silinagubuduke. Mphepo inatikankha tsiku lonse mpaka kukatitaya pamchenga kudziko la Apwitikizi, komwe asodzi anatikoka nkutiothetsa moto. Mayi uja anamanga dzanja lake ndi kansanza, ndipo nditapepesa anangoti akanakhala iye akanaluma koposa. Mphepo itagona asodzi aja anatiwolotsa kupita ku Chizumulu, ndipo mawu oyamba a apongozi anali ofunsa chifukwa chake beseni linali lophwanyika.

Chomwe chimandipsetsa mtima kwambiri nchakuti titabwerera ku Lilongwe, amuna anga ankauza aliyense wobwera kudzagula nsalu kuti iwo ndiwo anawongolera bwato mpaka kumtunda. Ngakhale Mmwenye anawagwira chanza. Ine ndinkangowayang'ana, nanga ukanawayalutsa pagulu bambo a mwana wako?

Lero sindikhulupirira kuti chala changa chinaitana mphepo. Mwera uli ndi miyezi yake, ndipo anthu aja ankaudziwa bwino, kungoti aliyense ankachita manyazi kukhala woyamba kunena kuti akuopa. Choncho inu akumtunda anzanga, mukadzaima padoko mwana ali kumsana, mtima nkukana, musakwere. Akusekeni, kusekedwa sikumiza munthu.