Mwendo umene unatsala ku Benoni

Ku Benoni, ku Joni, ndinkagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wina wokalamba, dokotala wopuma wa ku migodi. Pabalaza pake panali bokosi loyalidwa nsalu yofiira mkati, ndipo pansaluyo panagona macheka a chigwiriro cha mnyanga, mipeni italiitali yopindika, ndi lamba wokhala ndi chothinira chamkuwa. Zinali za agogo ake. Ndinkazipaka mafuta kuti zisachite dzimbiri, kenaka n'kukasamba m'manja kawiri.

Tsiku lina anandipeza ndikuyang'ana mano a machekawo. Anandifotokozera kuti kale kunalibe mankhwala ogonetsa. Amuna amphamvu ankapanikiza wodwala pathebulo, lamba ankathina kuti magazi asatayike, mpeni unkazungulira mnofu, macheka n'kumalizitsa fupa. Dokotala wabwino anali wachangu, basi.

"Nanga miyendoyo inkapita kuti, bwana?" ndinafunsa.

Anaseka. "M'ndowa."

"Ndowayo ikadzaza?"

Anasekanso. Ine munthu akaseka m'malo moyankha, ndimasunga.

Sipanapite nthawi, phazi la amuna anga linayamba kuda. Matenda a shuga. Tinkakhala ku Katlehong ndi adzukulu athu awiri, ndipo fungo linkafika mpaka pamene anawo ankadyera. Kuchipatala anati adula pansi pa bondo. Kudulako sindinakane ayi. Chimene ndinkafuna ndi mwendowo. Kwathu munthu amalowa m'manda wathunthu, ndipo ku Joni nkhani za zizimba tinkazimva m'matekisi momwe. Nesi anati miyendo yotere amaiwotcha. Ndani anaonapo akuwotcha?

"Mayi," anatero amuna anga ali pabedi, "mwendo ndi wanga, koma mukuulirira ngati munauumba ndinu. Mukaupeza muugulire nsapato."

"Sekani, bambo. Ukakapezeka pansi pa golosale ya munthu ukuitana makasitomala, muzidzaulota."

Anasiya kuseka.

Ndinakagwada kwa bwana uja. Anaimba foni kuchipatala. Atadula mwendowo, a kuchipatala anandipatsa phukusi lolemera la pulasitiki, lomata bwinobwino, n'kunena kuti ndisatsegule. Ndinatsegula kuseri kwa mpanda wa chipatala. Akanatha kundipatsa wa munthu wina, ndikanadziwa bwanji? Ndinafunafuna chala chachikulu chopanda chikhadabo, chimene mwala unaphwanya mumgodi. Chinalipo.

Ku Katlehong sindikanaukwirira. Maso ambiri, agalu ambiri, ndipo mnansi amene amakupatsa moni mokweza ndiye amaona pamene dothi lasintha mtundu. Ndinapita nawo ku Benoni tsiku limene wa m'galadeni sankabwera, ndinakumba ndekha pansi pa mtengo wa mandimu. Bwana anaima pawindo. Nkhaniyi sitinaikambepo mpaka imfa yake.

Maganizo anga anali akuti tikamadzabwerera kumudzi ndidzafukula mafupawo. Koma bwana atamwalira ana ake anagulitsa nyumba msangamsanga, bokosi la macheka n'kupita nalo. Eni atsopano anaika geti lamagetsi ndi galu. Amuna anga anapita kumudzi pa ndodo, anakamwalirira konko, anaikidwa ndi mwendo umodzi.

Ndinadzadutsako ulendo wina, ndinasuzumira pampata wa geti. Mandimu anadula. Pamalopo pali dziwe losambiramo, madzi ake obiriwira. Ndinafunsa mlonda wa mumsewumo kuti dothi limene anakumbalo analitaya kuti. Anaseka.

Adzukulu amati agogo iwalani. Iwo sanaunyamule.