Nsalu imene inapita ndi mlongo wanga

Mwezi wa Meyi ukafika kwathu ku Matandani, nkhungu imachedwa kuchoka m'mapiri, ndipo mabwalo amanunkhira makoko a nachesi ndi utsi wa mapesi. Ndi m'mwezi umenewu mmene dziko limakumbukira pulezidenti wakale uja, maofesi ndi masukulu n'kutsekedwa pa tsiku lakelo. Ndaona kuti n'koyenera kuti nanenso ndilembe zimene ndikudziwa, popanda kuwonjezera kapena kuchotsera.

Pa nthawi imene iwo anali pampando, tsikuli linali la magule. Mayi aliyense ankayenera kukhala ndi nsalu yojambulidwa nkhope ya mtsogoleriyo, ndipo lole inkabwera kudzatenga amayi kuti akavine ku boma. Mayi anga ankasunga yawo pansi penipeni pa sutikesi. Sankaberekera mwana, sankaiyala pansi, ndipo inali nsalu yokhayo yosang'ambika m'nyumba mwathu.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kutatsala masabata awiri kuti tsikulo lifike, mayi anabereka mwana wamkazi amene anangokhala masiku anayi. Monga mwa mwambo wathu, khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta limaikidwa ndi amayi okhaokha, mopanda kulira mokweza, ndipo mwamuna sapondako. Bambo ndi ine tinatsala pakhonde tikutong'ola chimanga. Chimene sitinadziwe n'chakuti mayi anakana kukulunga mwana wawo m'sanza.

M'mawa wa tsiku la magule lole inaima pamsewu, amayi atadzaza, akuimba. Tcheyamani wa chipani m'dera lathu anafika pakhomo, ndipo anapeza mayi atavala chitenje chawo chakumunda. Bambo anafotokoza mwaulemu kuti m'nyumba munagwa zovuta.

"Maliro a khanda saletsa gule, a Mbewe," anatero tcheyamaniyo. "Kodi akazi anuwa akavina atavala thumba la feteleza?"

"Nsalu ilipo, a tcheyamani, musade nkhawa. Iwe, thamanga ukatenge m'sutikesi."

Ndinakhuthula sutikesi yonse ndipo ndinabwerera chimanjamanja. Bambo anayang'ana mayi, mayi anayang'ana pansi, ndipo nyimbo ya pa lole inazilala pang'onopang'ono mpaka kutha. Pamenepo bambo anamvetsa. Kunena kuti nkhope ya mtsogoleri yakwiriridwa m'manda kukanatengedwa ngati kumufunira imfa, ndipo wolangidwa akanakhala mayi, amene anali asanachire n'komwe.

"Ndakumbukira tsopano," anatero bambo. "Ndinapatsa mlongo wanga wokwatiwa ku Mozambiki. Akazi angawa sanadziwe."

A chipani anakweza bambo pa lole yomweyo, pakati pa amayi ovala nkhope ija, amene onse ankadziwa kumene nsaluyo inali. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa, pakuti akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bambo anabwerako mvula ya chaka chotsatira ikutha, khutu lakumanzere litagontha, ndipo kufikira imfa yawo sanatchule kumene anali.

Masiku ano tsikuli likafika wailesi imakamba za misewu, zipatala ndi nkhokwe zodzaza. Sinditsutsa zimenezi, chifukwa zilembo zimene ndikulembazi ndinaziphunzira pa sukulu yomangidwa m'nthawi yomweyo. Anzanga akakangana pa sitolo ya a Yusufu, ena kutamanda ena kunyoza, ine ndimangomvetsera.

Chodandaula changa n'chimodzi chokha. Mayi anandiuza zoona zake atakalamba kale, miyendo itakana kukwera phiri la kumanda. Pano anatisiya, ndipo manda a khanda saikidwa chizindikiro. Chaka chatha ndinayenda khomo ndi khomo kufunafuna mmodzi mwa amayi amene anali pa lole ija, koma ndinapeza kuti womaliza anamwalira nthawi ya dzinja. Amayiwo anasunga chinsinsi chathu mokhulupirika kwambiri, moti lero palibe munthu wamoyo amene angandilozere pamene mlongo wanga anagona.